Ndamaliza The Wire yonse, katangale wake si wa envulopu ayi

Bokosi la ma DVD a The Wire linabwera ndi msuweni wanga kuchokera ku Joni nthawi ya Khirisimasi, anangolisiya patebulo nkundiuza kuti aise uonere ichi, usiye zija za apolisi othamangitsana pa magalimoto. Linakhala pamwamba pa kabati pafupifupi miyezi iwiri osalitsegula. Ndinayamba mu February, ndamaliza sabata yathayi, masizoni onse 5, maepisodi 60, ndipo chimalizireni mutu wanga sunachokemo mu Baltimore muja nde ndati bola ndilembe, mwina wina amene akufuna choonera chenicheni apindula. Ndichenjezeretu kuti mmusimu ndaulula zina zochitika mkatimo, amene safuna kudziwiratu asiyire pompano akaonere kaye.

Kwa amene simunaimvepo, iyi ndi sewero la pa TV la ku America, linkaonetsedwa pa HBO kuyambira 2002 mpaka 2008, ndipo nkhani yonse ikuchitikira mu mzinda umodzi wa Baltimore ku Maryland. Anailemba ndi David Simon amene kwa zaka zambiri anali mtolankhani wa nkhani za kupolisi ku nyuzipepala ya Baltimore Sun, mothandizana ndi Ed Burns amene anali wapolisi wofufuza milandu yakupha mu mzinda womwewo, atachoka kupolisi nkukakhala mphunzitsi. Izi ndazitchula dala chifukwa zimamveka ukamaonera. Anthuwa sakulota, akufotokoza maofesi amene anakhalamo, makona amene anaimapo, ana amene anawaphunzitsa.

Chiyambi chake ndi chozizira, izi ndivomere. Episodi yoyamba ndi yachiwiri ndinatsala pang'ono kuisiya, mayina ndi ambirimbiri, palibe amene akukufotokozera kuti uyu ndi ndani, palibe kanyimbo kokuuza kuti apa ndi poopsa kapena apa ulire, nyimbo imamveka pokhapokha ngati ikulira pa wailesi ya mgalimoto kapena mu bala mmene anthuwo ali, kupatula kumapeto kwa sizoni. Chizungu chake nachonso ndi cha mmakwalala a ku Baltimore, olo munakhoza bwanji Chingerezi pa MSCE muyatse ma subtitle basi, apo ayi theka la nkhani likudutsani. Koma mukapirira mpaka episodi ya 4 kapena ya 5 mungozindikira kuti mukuwadziwa anthuwa ngati a mdera lanu, ndipo kuyambira pamenepo kugona msanga kwatha.

Sizoni yoyamba ikuoneka ngati nkhani wamba ya apolisi ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Pali gulu la Avon Barksdale ndi mnzake Stringer Bell limene lagwira mafulati a anthu osauka kuzambwe kwa mzinda, mboni zikuopsezedwa ndipo ina yaphedwa, ndiye wapolisi wina wamakani dzina lake Jimmy McNulty akukadandaula kwa jaji mmalo modutsa kwa mabwana ake. Jaji akuimba foni kumtunda, mabwana akwiya, nde pofuna kungomutseka pakamwa jajiyo akupanga kagulu kofufuza koma nkuponyamo anthu amene ofesi iliyonse imafuna kuwataya, zidakwa, oyembekeza penshoni, ndi kuwapatsa chipinda cha pansi chonyowa ngati sitolo. Cholinga cha mabwana nchoti agwire tianyamata tingapo ta pakona, aike mankhwala patebulo, atolankhani ajambule, nkhani ithe. Kaguluko mmalo mwake kakuyamba kumvetsera ma pager ndi mafoni a mmisewu a anyamatawo, ndipo dzina la sewerolo likuchokera pa kutchera khutu pa mawaya kumeneku.

Tsopano chimene chandipangitsa kulemba ndi ichi. Ine nditamva kuti muli za katangale wa apolisi ndimayembekeza zija tinazolowera, wapolisi kulandira kenakake pakona, ya fanta, envulopu kudutsa pansi pa tebulo. Zimenezo zilimo koma ndi zochepa. Apolisi awiri, Herc ndi Carver, akupeza mpukutu wa ndalama pochita chipikisheni nkulowetsako zina mmavesiti mwawo, mu sizoni 4 muli wapolisi wina Walker amene amabera ngakhale Bubbles, munthu wosauka woyenda ndi kangolo, ndipo akuthyola zala za kamnyamata kakang'ono kokuba magalimoto. Koma anthu amene akuwononga mzindawo kwenikweni ambiri mwa iwo salandira ndi tambala yomwe ya chiphuphu. Avala mayunifolomu ositidwa bwino, ali mu ofesi, ndipo chimene akuteteza ndi mpando, pulomoshoni ndi manambala.

Manambalawo ndiye mtima wa nkhani yonse. Mu sizoni 3 muli misonkhano imene amaitcha ComStat, akuluakulu a madera onse a polisi amaima mmodzimmodzi kutsogolo kwa mabwana awo akulu, Burrell ndi Rawls, kufotokoza chifukwa chake milandu yakwera mdera lawo, ndipo Rawls amawanyoza pagulu mpaka munthu wamkulu wa imvi kutuluka thukuta, wina mpaka kukasanza kuchimbudzi msonkhano usanayambe. Meya akufuna milandu ikuluikulu itsike ndi 5 peresenti chifukwa chisankho chayandikira. Nanga utsitsa bwanji umbanda pa miyezi yochepa? Sutsitsa, umangosintha zolemba. Wolanda ndi mfuti umamulemba ngati wakuba wamba, mlandu wogwiririra umausowetsa mmafailo, pepala lioneke loyera, bwana akwezedwe. Bunny Colvin, mmodzi wa akuluakulu a madera aja, amene watsala pang'ono kupuma pantchito nde alibenso choopa, akufunsa poyera kuti zinazo tingasinthe pa pepala koma nanga mtembo timausowetsa bwanji. Funso limenelo yankho lake likubwera mu sizoni 4 ndipo ndi lowawa. Chris ndi Snoop, opha anthu a Marlo Stanfield, mkulu wina wa ogulitsa mankhwala, akumaphera anthu mnyumba zosiyidwa nkukhomerera matabwa pakhomo ndi chida chokhomera misomali, mitembo 22, ndipo wapolisi wofufuza Lester Freamon atazindikira chimene chikuchitika bwana wake akumuletsa kutsegula nyumbazo chifukwa mtembo uliwonse umene upezeke ukhala nambala yofiira pa bolodi la ofesi yawo. Anthu ali ndi amayi awo amene akuwafunafuna, koma bola asapezeke. Kenaka akuvomera kuwatulutsa atawerengera kuti akawatulutsa chaka chisanathe mitemboyo iwerengedwa pa dzina la meya wakale osati watsopanoyu. Ndinaimitsa kaye DVD pamenepo, ndinakhala duu.

Lester yemweyo ndi amene ndimamukonda kuposa onse. Munthu wofatsa, amakhala pakona akusema timipando ta zidole, anzake onse ankamuyesa nkhalamba yopanda ntchito, osadziwa kuti ndi katswiri amene anamutaya ku ofesi yoona za mashopu a pinyolo kwa zaka 13 ndi miyezi 4 chifukwa chokana kubisa dzina la munthu wina pa mlandu pamene mabwana anamuuza kuti atero. Iye ndi amene akuwaphunzitsa anzake kuti ukatsata mankhwala upeza ogulitsa ndi osuta, koma ukatsata ndalama sudziwa kumene zikakufikitse. Ndipo zoonadi tsiku lina akugwira dalaivala akuchoka ku mafulati kuja ndi madola 20,000 mgalimoto, kufufuza apeza kuti ndi dalaivala wa seneta Clay Davis, pasanathe maola lamulo likuchokera kumtunda kuti mubwezereni ndalama zake mumusiye azipita. Ife amene tinaona Cashgate mu 2013 ndalama zikupezeka mmabuti a magalimoto sitifunika kutifotokozera zambiri pamenepa.

Clay Davis ameneyo mpaka akufika kukhoti mu sizoni yomaliza, umboni ulipo wokwanira, koma akuima pamaso pa oweruza nkutulutsa matumba a buluku lake kuti onani mulibe kanthu, ndalama zonse ndimapatsa anthu anga akabwera ndi mavuto, wina maliro wina lendi, ndipo akutuluka mfulu anthu akumuombera mmanja panja. Ndikuganiza kuti aliyense amene anaonapo wandale akugula bokosi la maliro nkukhululukidwa zonse amudziwa munthu ameneyu. Yemweyonso ndi amene akumudyera ndalama Stringer Bell, chigawenga chimene aliyense mmisewu amachiopa, chimene chimapita ku koleji madzulo kukaphunzira za chuma kuti chisanduke munthu wa bizinesi yomanga nyumba. Stringer akupereka ndalama zankhaninkhani poganiza kuti akugula zilolezo ndi makontirakiti, kenaka loya wake akumuuza kuti wangodyeredwa basi. Idris Elba anasewera bwino kwambiri pamenepa, ndipo ndinadabwa kumva kuti iyeyo ndi Dominic West amene ndi McNulty onse ndi a ku Britain, pakamwa pawo simungadziwe.

China chimene sewero ili silibisa ndi choti ngakhale abwino ali ndi banga. Cedric Daniels ndi bwana wa kagulu kaja, munthu wowongoka, koma usiku wina anyamata ake atatu ataledzera akupita ku mafulati kukaonetsa mphamvu, mmodzi wa iwo, Prez, akumenya mwana wa zaka 14 ndi chigwiriro cha mfuti mpaka diso kuwonongeka, ndipo Daniels yemweyo ndi amene akumuphunzitsa bodza loti akanene kwa ofufuza kuti apulumuke. Prez sangachotsedwe ntchito chifukwa ndi mkamwini wa bwana wina, Valchek. Danielsnso ali ndi failo yake yakale ya ndalama zosadziwika bwino imene Burrell anaisunga mu diloo, sakuigwiritsa ntchito kuti chilungamo chioneke ayi, akungoisunga ngati chingwe chomukokera tsiku limene adzachite makani. Kumapeto Daniels akufika pa mpando wa mkulu wa polisi yonse, andale akumuuza kuti akonze manambala, iye akukana, failo ija ikutulukanso, akutula pansi udindo, mpando nkupita kwa Valchek. Herc naye akukwezedwa kukhala sajeni osati chifukwa cha ntchito koma chifukwa anatsegula chitseko nkuona meya ali pa zochititsa manyazi ndi mlembi wake, nde kumutseka pakamwa kwake ndi pulomoshoni.

Sizoni 2 anthu ambiri amati ndi yotopetsa chifukwa mwadzidzidzi akukuchotsa pa makona paja nkukupititsa ku doko kwa anthu otsitsa katundu mu sitima. Inenso poyamba ndinanyansidwa, ndimafuna ndione za Avon. Koma pano ndimaiika pamwamba. Frank Sobotka ndi mkulu wa yuniyoni, ntchito padoko ikutha, makina akulanda malo a anthu, amuna akulu akumadzuka mmawa kukadikira ntchito nkubwerera chimanjamanja, nde iye akulola kuti makontena ena azisowa mu kompyuta kuti apeze ndalama zokanyengerera andale akonze doko. Sakudya yekha, galimoto yake ndi yakutha, koma mu kontena ina mukupezeka atsikana 13 atafa. Ndipo chimene chikuyambitsa kafukufuku yense si atsikanawo ayi, maofesi a polisi akukankhirana mitemboyo kuti isalowe pa manambala awo, chikuyambitsa ndi mkangano wa Valchek ndi Sobotka wolimbirana kuti windo la galasi la ndani liikidwe pamalo aulemu mu tchalitchi. Munthu akutulutsa gulu lonse la apolisi chifukwa cha windo.

Za Hamsterdam mu sizoni 3 ndi zimene tinakangana nazo kwambiri ndi mlamu wanga. Colvin uja atatopa ndi kumanga ana omwewomwewo tsiku ndi tsiku akusankha malo a nyumba zosiyidwa, amene akudzatchedwa Hamsterdam, nkuuza ogulitsa kuti gulitsirani uku sitikugwirani, koma mmakona mokhala anthu muchokemo. Mmadera muja bata likubwera, agogo ayambanso kukhala pakhonde, ana akusewera panja, milandu ikutsikadi zenizeni osati za pa pepala. Koma seweroli silikunamiza kuti ndi paradaiso, akukuonetsa Bubbles akuyenda usiku mkati mwa Hamsterdam ndipo ndi gehena weniweni, ana aang'ono ali momwemo. Mlamu wanga akuti Colvin analakwa, wapolisi sangalole tchimo. Ine ndikuti mwa mabwana onse aja ndi yekhayo amene anayesa kuchita kanthu koona, ndipo malipiro ake anamutsitsa udindo nkumudulira penshoni pamene okonza manambala akukwera.

Koma sizoni 4 abale. Ngati mulibe nthawi ya zonse, limbikirani kuti mufike apa. Ndi ya anyamata anayi a kusukulu, Michael, Namond, Randy ndi Dukie, ndipo Prez uja wasiya upolisi ndi mphunzitsi wa masamu tsopano, munthu wosinthiratu, amamubweretsera Dukie zovala zochapa ndi chakudya chifukwa kwawo achibale ake amagulitsa chilichonse kuti apeze mankhwala. Akungoyamba kupeza njira yowaphunzitsira ana masamu pogwiritsa ntchito madayisi amene amatchovera juga pakona, lamulo likubwera kuti siyani zonse muziwaloweza mafunso a mayeso a boma kuti sukulu ioneke yokhoza, ndipo Prez akuzindikira kuti awa ndi manambala omwe aja anawasiya kupolisi. Meya watsopano Tommy Carcetti amene analowa ndi malonjezo okoma akupeza kuti masukulu ali ndi ngongole ya madola 54 miliyoni, bwanamkubwa wa Maryland akuti ndikupatsa ndalamazo koma uvomere poyera, iye akukana chifukwa akufuna kudzapikisana naye pa mpando womwewo zaka ziwiri zikubwerazo. Ana a mzinda wonse akulipira chifukwa cha mpando wa munthu mmodzi.

Nkhani ya Randy ndi imene inandiliza, sindibisa. Kamnyamata kochangamuka kogulitsa maswiti kusukulu, kali ndi mayi womulera amene akukasamala bwino, kakuuza akuluakulu zimene kakudziwa za munthu wina wophedwa poganiza kuti akateteza. Herc, amene mutu wake uli pa kamera ya polisi imene anataya ndipo akuopa kuti mabwana amutulukira, akulankhula mosasamala pofunsa munthu wina mpaka mmisewu mwadziwika kuti Randy ndi amene anaulula. Nyumba yawo akuiponyera mabomba a petulo, mayi uja wapsa ali mchipatala, Randy akubwerera ku nyumba ya ana osowa kwawo kumene akumenyedwa. Carver akuyesetsa mpaka kupempha kuti amutenge yekha akamulere koma malamulo akuti ndondomeko yake imatenga miyezi. Palibe amene analandira chiphuphu pa nkhani ya Randy, palibe amene anamangidwa, koma mwana watha.

Sindinganene za The Wire osatchula Omar Little, amene amabera ogulitsa mankhwala okhaokha, amayenda ndi mfuti yaikulu akuimba likhweru ana nkumathawa akukuwa dzina lake, satukwana, ndipo salozetsa mfuti munthu amene sali mu zimenezi. Michael K. Williams amene anasewera malowa anamwalira mu 2021, Lance Reddick amene anali Daniels anamwalira mu 2023. Mukaonetsetsanso kamnyamata kotchedwa Wallace mu sizoni yoyamba muona kuti ndi Michael B. Jordan adakali wamng'ono.

Zolakwika zilipo. Sizoni 5 ili ndi maepisodi 10 okha ndipo ikuthamanga, nkhani yoti McNulty akupeka chigawenga chopha anthu osowa pokhala pofuna kuti boma litulutse ndalama zofufuzira Marlo inandivuta kuikhulupirira, makamaka Lester wanzeru uja kuvomera kulowa nawo. Ku nyuzipepala nako mabwana awiri aja ndi mtolankhani wopeka nkhani Templeton anawajambula oipa mbali zonse, pamene kwina konse ngakhale wakupha amakhala ndi mbali imene umamumvera chisoni, zikuoneka kuti apa wolembayo anali ndi mkwiyo wake wa kuntchito kwakale. Azimayi ndi ochepa, Kima Greggs ndi wapolisi wamphamvu ndipo ndi iye amene akukaulula bodza la McNulty, koma amayi a ana aja ambiri timangowaonera patali. Kutukwana ndi kwambiri, zamaliseche ziliponso, iyi si yoonera pabalaza ndi ana kapena apongozi, ine ndimadikira onse agone. Chithunzi cha pa DVD ndi chija cha makona anayi cha ma TV akale nde pa TV ya masiku ano mmbali mumatsala mwakuda, ngakhale mu 2014 anaikonzanso kukhala HD yodzaza sikirini yonse. Ndipo ngati mumafuna kuwomberana episodi iliyonse mukhumudwa, muno apolisi nthawi zambiri ali pa mpando akulemba mapepala opempha chilolezo kwa jaji kapena ali padenga ndi kamera kudikira munthu aimbe foni.

Zimandidabwitsa kuti nthawi yonse imene inkaonetsedwa sinapateko mphoto ya Emmy olo imodzi ndipo oonera anali ochepa, anthu anadzaizindikira mochedwa kudzera mma DVD ngati momwe ndachitira inemu, mpaka Barack Obama ananenapo kuti ndi sewero limene amalikonda kwambiri. Amene mukufuna katangale wa manja weniweni, apolisi kulanda ndalama za anthu ndi kuba maola a ovataimu, David Simon yemweyo anatulutsa ina mu 2022 yotchedwa We Own This City, maepisodi 6, yochokera pa nkhani yoona ya kagulu ka polisi ya Baltimore kotchedwa Gun Trace Task Force kamene mtsogoleri wake Wayne Jenkins anagamulidwa zaka 25 mu 2018. Imeneyo ndiyo ndikufuna ndiipeze tsopano.

Pa 10 ine ndikuipatsa 9, imodziyo ndachotsa chifukwa cha sizoni 5. Bokosi lija pano lili kwa mlamu wanga uja, anayamba ndi kuonera nane Hamsterdam pakati nde wati ayambire pachiyambi. Dzulo cha mma 11 usiku anandiimbira foni, ine kuda nkhawa kuti mwina kwagwa zovuta kumudzi, iye mawu ali pansipansi akungofunsa kuti alamu, zoona Wallace amupanga zimenezi anzake omwe? Ndinamuuza kuti apitirize, sanafike kwa Randy.